Fupa lalumikizana, nanga phazi likuwotcheranji? Za ululu wa mitsempha munthu akathyoka pa kakolo

Alamu anga anagwa pa njinga yamoto ya kabaza m'nyengo ya mvula, ndipo mwendo wamanzere unathyoka pa kakolo. Anawachita opaleshoni, kuwaika kachitsulo ndi masikuluwu mbali yakunja, kenako chikhakha kwa masabata 6. Atajambulidwanso, X-ray inaonetsa kuti fupa lalumikizana bwinobwino, ndipo tonse mitima inakhala pansi.

Nditapita kukawazonda mu June, chisanu chili pachimake, ndinawapeza atafunda bulangete thupi lonse koma phazi lamanzere lili panja. Pakhonde panali nsapato yomwe anaidula chapamwamba ndi mpeni kuti isamakhudze khungu. "Alamu," anandiuza chapansipansi, "phazi ili likuyaka moto, nthawi zina kumabwera ngati shoko ya magetsi mpaka ku zala. Koma chithunzi akuti chili bwino. Anthu ayamba kuona ngati ndikudzichititsa."

Mmene ngozi za njinga zamoto zachulukiramu, dandaulo lotere likumveka m'makomo ambiri. Gwero la chisokonezocho n'lakuti X-ray imaona fupa, siona mtsempha, ndipo fupa ndi mtsempha sizichira pa liwiro limodzi.

Tikunena mtsempha uti?

M'Chichewa mawu oti mtsempha timatchulira zinthu zitatu zosiyana. Pali wa magazi, uja anamwino amafufuza pamkono akafuna kutenga magazi. Pali wolimba ngati chingwe, monga uja wa kumbuyo kwa chidendene, womwe umamangirira mnofu ku fupa. Wachitatu ndi woyererako, wofewa, ndipo ntchito yake n'kunyamula mauthenga pakati pa thupi ndi ubongo. M'nkhani ino tikati mtsempha, tikunena wachitatuwu.

Mtsempha wotere uli ngati chingwe cha magetsi: kunja kuli chikuto, mkati muli timawaya tambirimbiri. Tina timanyamula uthenga wochokera pakhungu, monga woti mwaponda minga kapena pansi patentha. Tina timanyamula lamulo lopita ku minofu kuti phazi litukuke. Tinanso timayang'anira thukuta ndi kayendedwe ka magazi pakhungu.

Pa ululu wamasiku onse, chavulala ndi fupa kapena mnofu, mtsempha uli bwinobwino ndipo ukungopereka lipoti loona. Bala likapola lipotilo limatha. Koma pali ululu wina umene madokotala amautcha neuropathic pain, kutanthauza ululu wobwera chifukwa mtsemphawo ndi umene wavulala. Apa wodwala ndi mthenga mwiniwake, ndiye amangofuula kuti kwayaka moto pamene kulibe moto. Kufuulako n'kwabodza, koma ululu umene munthu akumva ndi weniweni.

Mitsempha isanu pamalo opanda mnofu

Gwirani kakolo wanu. Pansi pa khungu mukumva fupa nthawi yomweyo. Pamalo opanda mnofu wotchinjiriza amenewa pamadutsa mitsempha isanu yopita kuphazi, ndipo uliwonse uli ndi dera lake.

Wa superficial peroneal umamva za pamwamba pa phazi pafupifupi ponse. Wa deep peroneal pakhungu uli ndi kadera kakang'ono chabe, pakati pa chala chachikulu ndi chinzake. Wa sural umadutsa kumbuyo kwa kakolo wakunja n'kutsata m'mphepete mwa phazi mpaka ku kachala kakang'ono. Wa saphenous uli mbali yamkati. Wa tibial, womwe ndi waukulu, umazungulira kumbuyo kwa kakolo wamkati kudzera m'kampata kothina n'kukagawikana kupansi kwa phazi. N'chifukwa chake dokotala amafunsa kuti mumuloze ndi chala pamene pakuwotchapo: malowo amaulula dzina la mtsempha.

Umene umavutitsa kawirikawiri ndi woyambawo, wa superficial peroneal. Umatulukira pansi pa khungu pa mtunda wa masentimita 10 mpaka 15 kumtunda kwa kakolo wakunja, ndipo njira yake imasiyana munthu ndi munthu. Kwa anthu ochepa thupi, mukaweramitsa phazi pansi, kulipindira mkati, n'kukoka chala chachinayi, umatha kuoneka ngati kaulusi kotukuka pansi pa khungu. Kaulusi kameneka kali pafupi kwambiri ndi pamene fupa laling'ono la mwendo, la fibula, limakonda kuthyokera, komanso pamene amang'amba poika chitsulo.

Umavulala nthawi yanji?

Nthawi zambiri ndi pa ngozi pomwepo. Phazi likapotoka mwamphamvu moti fupa n'kuthyoka, mtsempha nawo umakokedwa kupyola muyeso, mwina kukandidwa ndi nsonga ya fupalo. Kenako pamabwera kutupa, komwe kumaufinya. Chikhakha chothina chingaufinyenso. Makamaka mlomo wa chikhakha ukamadinda m'munsi mwa bondo chakunja, pali mtsempha wina wosabisika womwe ukapanikizika phazi limalephera kutukuka, munthu n'kumakoka zala poyenda. Pa opaleshoni, mtsempha ungakokedwe kapena kudulidwa kanthambi ngakhale wochita opaleshoniyo atasamala chotani. Ndipo patapita miyezi, chipsera chamkati chingaumange, kapena mutu wa sikuluwu n'kumaukhuza.

Kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 2003 anapeza kuti mwa anthu amene anathyoka pa kakolo, 15 pa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro zoti mtsempha wa pamwamba pa phaziwu unavulala. Mwa ochitidwa opaleshoni anali 21 pa 100, mwa oikidwa chikhakha chokha anali 9. Ziwerengerozi zisachititse munthu kukana opaleshoni. Fupa losuntha pamalo pake likapola mokhota, mfundo ya kakolo imaperepeseka msanga ndipo munthu amavutika ndi nyamakazi moyo wonse. Chimene ziwerengerozi zikuonetsa n'chakuti vutoli si lachilendo, ndipo limagwera ngakhale amene mpeni sunawakhudze.

Milimita imodzi pa tsiku

Mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, dokotala wa ku Britain Herbert Seddon anagawa kuvulala kwa mitsempha m'magulu atatu, ndipo magulu akewo akugwirabe ntchito lero.

Gulu loyamba ndi la mtsempha wongofinyika. Sunaduke, wangokomoka. N'chimodzimodzi dzanzi lija limakugwirani mukakhalitsa pamphasa pa maliro mutapinda miyendo, kungoti ili limatenga masiku, masabata, mwina mpaka miyezi 3. Gulu lachiwiri ndi pamene timawaya tamkati taduka koma chikuto chakunja chilipo. Chigawo chakumunsi chimafota, ndipo timawayato timayamba kumeranso kuchokera podukapo, kutsata chikuto chija ngati mmene dzungu limayangira. Gulu lachitatu ndi mtsempha woduka wonse. Umenewu sulumikizana wokha.

Nkhani yagona pa liwiro la kumerako. Mtsempha umakula pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndiye kuti masentimita atatu pa mwezi. Ngati unavulala kumtunda kwa kakolo ndipo uyenera kuyenda masentimita 20 kuti ukafike ku zala, ulendowo ndi woposa theka la chaka. Fupa limakhala litagwirana pa masabata 6 mpaka 12. Ndiye pali miyezi yambiri pakatipo imene chithunzi chikuti munthu wachira, abwana kuntchito akuti wachira, apabanja akuti wachira, pamene mtsempha uli pakati pa ulendo. Kusintha kumatha kupitirira mpaka chaka ndi theka kapena ziwiri, ndipo kumachedwerapo mwa achikulire, odwala shuga, osuta fodya ndi omwa mowa kwambiri.

Bwanji sungozima n'kukhala chete?

Munthu angaganize kuti waya woduka sanyamula kanthu, ndiye phazi likanangochita dzanzi basi. Koma mtsempha ndi chinthu chamoyo. Mukadula mtengo, chitsa chimatulutsa mphukira zambirimbiri. Nsonga ya mtsempha nayo imatero, ndipo timphukira tatsopanoto n'tosachedwa kudzidzimuka: timatumiza uthenga popanda chotikhudza, kapena chifukwa cha kuzizira pang'ono, kapena kufinyidwa ndi sokosi. Timphukirato tikasowa njira, timapiringizana n'kupanga kachotupa kotchedwa neuroma. Si khansa ayi, koma mukakagogoda kamatumiza shoko mpaka ku zala.

Kugogodako madokotala amakugwiritsa ntchito poyeza. Jules Tinel, dokotala wa ku France amene ankathandiza asilikali ovulala, analongosola mu 1915 kuti ukagogoda pamene pafika nsonga ya mtsempha womera, munthu amamva kunyerenyetsa m'dera la mtsemphawo. Ngati mwezi ndi mwezi malo ochita shokowo akusendera chakuzala, ndiye kuti mtsempha ukuyenda. Ngati ali pomwepomwepo kwa miyezi yambiri, n'kutheka kuti watsekeredwa.

Chinthu chachiwiri chimachitikira kutali ndi phazi, m'msana ndi mu ubongo. Taganizani za galu wapakhomo amene akuba anamuvulaza usiku wina. Kuyambira pamenepo amauwa tsamba likagwa, amauwa mwana akadutsa. Msana ukalandira mauthenga a ululu usana ndi usiku kwa masabata ambiri, umasanduka ngati galu ameneyu. Uthenga wamba woti nsalu yakhudza khungu umakafika ku ubongo ngati moto. Kumva ululu pa chinthu chosayenera kupweteka kumeneku amakutcha allodynia, ndipo ndi kumene kunachititsa alamu anga kugona phazi lili panja mu June.

Apa m'pamene pamachokera chodabwitsa chimene odwala ambiri amachita nacho manyazi kunena: malo omwewo ndi adzanzi, ukabaya ndi singano sakumva bwino, koma akuwotchanso. Zonse ziwiri n'zoona. Timawaya tina tafa, tina tikufuula.

Usiku ululuwu umakula, tulo timasowa, ndipo kusagona ndi nkhawa zimakweza ululu wa mawa lake. Izi sizitanthauza kuti matendawa ndi a m'maganizo. Ndanena izi mobwereza chifukwa ndaona mmene kukayikiridwa kumamupwetekera munthu, mwina kuposa phazilo.

Phazi lonse likasintha

Mwa anthu ochepa, vuto silikhala m'dera la mtsempha umodzi. Phazi lonse limatupa, limatentha kapena kuzizira kuposa linzake, limasintha mtundu, khungu limanyezimira, thukuta limachuluka kapena kusowa, zikhadabo ndi ubweya zimakula mwachilendo, mfundo zimauma, ndipo ululu umaposa kukula kwa ngozi imene inachitika. Matendawa amatchedwa complex regional pain syndrome, mwachidule CRPS. Dokotala wina, Silas Weir Mitchell, anawaona mwa asilikali a nkhondo yapachiweniweni ya ku America ndipo analemba za iwo mu 1864, koma dzina la CRPS linakhazikika mu 1994. Amagwira akazi kwambiri kuposa amuna, ndipo kuthyoka fupa ndi chimodzi mwa zoyambitsa zazikulu.

Palibe kuyeza magazi kapena chithunzi chimodzi chimene chimawatsimikiza. Dokotala amaona zizindikiro, motsata mndandanda umene akatswiri anagwirizana ku Budapest mu 2003, atachotsapo kaye matenda ena. Mabuku ambiri amanena za khungu lofiira, koma pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka msanga. Chothandiza n'kuika mapazi onse awiri pamodzi poyera, kuona ngati lina laderapo kapena likunyezimira, n'kuwagwira ndi kunja kwa dzanja. Ambiri amapezako bwino m'chaka choyamba, makamaka akayamba msanga kuligwiritsa ntchito phazilo.

Phazi lotupa, lowotcha, pamene chipatala chati fupa lili bwino, n'zosadabwitsa kuti achibale amayamba kunena zoti munthu anaponda mankhwala. Zikhulupiriro ndi za mwini wake. Koma kutema mphini pakhungu limene silikumva bwino, kulithowa ndi madzi otentha kwambiri, kapena kuliyandikizitsa ku mbaula, kumasiya zilonda zimene munthu sazimva mpaka zitakula.

Si ululu wonse wotsalira uli wa mtsempha

Ululu wobwera mukaponda n'kutha mukakhala pansi, womveka mkati mwa mfundo, kawirikawiri ndi wa fupa kapena mfundoyo: mwina fupa silinagwirane, mwina linapola mokhota, mwina nyamakazi yayamba. Ululu wa pachitsulo penipeni nsapato ikakhudza ungakhale wa sikuluwu yotukuka. Ndipo ngati mapazi onse awiri akuwotcha mofanana kuyambira ku zala, musathamangire kuloza ngozi ija. Shuga, kachilombo ka HIV, mowa, kuchepa kwa vitamini B12 ndi mankhwala a TB a isoniazid zonse zimawononga mitsempha. N'chifukwa chake omwa isoniazid amapatsidwanso pyridoxine, yemwe ndi vitamini B6 woteteza mitsempha. Amene anamwapo ma ARV akale okhala ndi stavudine akukudziwa bwino kuwotcha kwa mapazi kumeneku. Mtsempha wofinyika m'chiuno nawo umatha kutumiza ululu mpaka kuphazi.

Pali zizindikiro zosayenera kudikira tsiku la sikelo ya mafupa. Ululu wokulirakulira muli m'chikhakha, zala zikuzizira, kutuwa kapena kulephera kugwedezeka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Chimodzimodzinso bala likamatuluka mafinya thupi likutentha, katumba akatupa n'kumawawa, kupuma kukayamba kubanika, kapena phazi likayamba kulendewera osatukuka.

Mukakaonana ndi achipatala

M'zipatala za m'maboma, amene amaona za mafupa kawirikawiri ndi ma orthopaedic clinical officer, omwe maphunziro awo anayamba m'dziko muno mu 1985. Zikavuta amatumiza ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chomwe chinatsegulidwa mu 2023. Mzere umakhala wautali, nthawi yolankhula ndi yochepa, choncho mawu amene musankhe ndi ofunika kwambiri. Mukangoti "mwendo ukupweteka", mudzajambulidwa, fupa lidzaoneka labwino, ndipo mudzabwerera ndi Panado. Nenani mmene ukupwetekera: ukuwotcha, ukulasa ngati singano, ukuchita shoko, muli ngati mukuyenda nyerere, bulangete likupweteka. Mawu amenewa ndi amene amamuuza wachipatala kuti aganize za mtsempha.

Chinanso chothandiza: zungulizani ndi bolopeni malire a pamene pali dzanzi kapena moto, jambulani ndi foni, ndipo bwerezani mwezi uliwonse. Zithunzizo zimaonetsa ngati deralo likuchepa, chinthu chimene munthu payekha sachizindikira.

Kuyeza kwenikweni sikufuna makina ambiri. Thonje, kasingano, kugogoda m'mbali mwa chipsera ndi kuona mphamvu ya zala zimanena zambiri. Nthawi zina amabaya mankhwala ochititsa dzanzi pafupi ndi mtsempha umene akuukayikira. Ululu ukazimiratu kwa maola angapo, wapezeka ndi womwewo.

Chifukwa chake Panado sakuthandiza

Panado, Brufen ndi diclofenac amagwira ntchito pa ululu wa bala ndi kutupa. Pa mtsempha wofuula okha sathandiza kwenikweni, ndipo kumwa Brufen kapena diclofenac miyezi yambiri kumabweretsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso.

Mankhwala amene amaperekedwa pa ululu wa mitsempha anapangidwira matenda ena, ndipo izi zimasokoneza anthu. Amitriptyline, amene amapezeka kwambiri kwathu kuno, poyamba anali a matenda a kukhumudwa, duloxetine chimodzimodzi. Gabapentin ndi pregabalin anali a khunyu. Munthu akawerenga kapepala ka m'bokosi amatha kukwiya kuti adokotala akundiyesa wodwala maganizo. Si choncho. Mankhwalawa amachepetsa kudzidzimuka kwa mitsempha ndi msana, ngati kumutonthoza galu uja. Amitriptyline amayambira pa mlingo wochepa, mamiligalamu 10 mpaka 25 usiku, ndipo amatenga masabata angapo kuti ntchito yake ioneke. Ambiri amawasiya pa tsiku lachitatu poona kuti mkamwa mukuuma, tulo tachuluka, ululu ulipobe. Achikulire, odwala mtima, amayi oyembekezera ndi oyendetsa galimoto kapena njinga yamoto ayenera kukambirana bwino ndi dokotala asanayambe, ndipo onsewa si mankhwala ogawana ndi mnansi kapena osiya mwadzidzidzi.

Kunena zoona, mankhwalawa sathetsa ululu wonse mwa anthu ambiri. Ukachepa ndi theka, munthu n'kumagona, achipatala amati zayenda bwino. Mankhwala amphamvu a gulu la morphine ndi tramadol salimbikitsidwa kumwa nthawi yaitali pa ululu wotere chifukwa thupi limawazolowera.

Kuliphunzitsanso phazi

Chibadwa chimati chopweteka usachikhudze. Pa ululu wa mitsempha, kulisunga phazi osalikhudza kumakulitsa vuto: mfundo zimauma, minofu imafota, ndipo msana umapitiriza kuona kukhudzidwa kulikonse ngati ngozi. Ntchito ya mafizo ndi kuphunzitsanso phazi kuti dziko silikuliukira.

Amayamba ndi chinthu chofewa chimene munthu angathe kupirira, monga thonje kapena kansalu kosalala, kusisita mphindi zochepa kangapo pa tsiku, kuyambira m'mphepete mwa dera lopwetekalo. Pakapita masiku amasinthira ku chitenje, kenako thaulo, kenako kuviika phazi m'beseni la mpunga wosaphika kapena mchenga. Chipsera chikapola amachisisita ndi mafuta kuti chisamatirire pa mtsempha. Kuponda kumawonjezeredwa pang'onopang'ono. Muyeso wake ndi woti ululu ukakwera ubwerere pomwe unali pasanathe tsiku. Pa CRPS amagwiritsanso ntchito galasi loonera: wodwala amaika galasi pakati pa miyendo, n'kumagwedeza phazi labwino akuyang'ana chithunzi chake, kuti ubongo uone ngati phazi lodwalalo likuyenda popanda ululu. Ku Blantyre malo odziwika pa ntchito ya mafizo ndi Kachere, ndipo zipatala zazikulu zonse zili ndi gawo limeneli.

Nanga kungochotsa chitsulocho?

Ili ndi funso la pafupifupi aliyense amene ali ndi chitsulo m'mwendo. Ngati sikuluwu ikukhuza mtsempha kapena khungu, ndipo fupa lagwirana, kuchotsa kumathandiza. Koma ngati mtsempha unavulala pa ngozi pomwepo, chitsulo chingachoke ululu n'kutsala, ndipo kung'ambanso pa chipsera chakale kungavulaze mtsempha womwewo kachiwiri. N'chifukwa chake madokotala amayamba adikira miyezi ingapo, kuyesa mankhwala ndi mafizo, ndi kutsimikiza kaye mtsempha wolakwa. Zikakanika, pali opaleshoni yomasula mtsempha ku chipsera, kapena yodula neuroma n'kukwirira nsonga yake mkati mwa mnofu momwe simufika nsapato. Yachiwiriyi ili ndi mtengo wake: dera la mtsemphawo limakhala ladzanzi mpaka kalekale, ndipo ndi wodwala amene amasankha ngati dzanzi lili bwino kuposa moto.

Alamu anga sanafike pamenepo. Atabwerera kuchipatala n'kufotokoza za moto ndi shoko, anawagogoda m'mbali mwa chipsera n'kupeza malo ake, chakumtunda kwa kachitsulo. Anawayambitsa amitriptyline ndi mafizo. Mwezi woyamba ankasisita ndi thonje misozi ili m'maso. Pofika nthawi yobzala, kadera kozungulizidwa ndi bolopeni kanali katachepa kufika ngati chikhatho cha mwana, ndipo anagula nsapato zina zosadula. Pamwamba pa zala ziwiri zapakati pakadali dzanzi, ndipo kukazizira shoko ija imabwerabe mwa apo ndi apo.